Chikopa kapena ya pulasitiki? Kusankha chamois yopukutira galimoto

Anthu ambiri amasamala potsuka galimoto, koma ikafika nthawi yopukuta amangotola chilichonse chomwe chili pafupi: malaya akutha, thaulo la kubafa, mwina chitenje chomwe mayi a kunyumba anachitaya kalekale. Chonsecho penti ya galimoto imavulala kwambiri pa mphindi zomalizazi. Mukati muisiye iume yokha, madzi amauluka n'kusiya mchere wake pa bodi ndi pa magalasi, timawanga toyera tija timene timaonekera bwino dzuwa likapendeka. Mukati mupukute ndi sanza, pamatsala ubweya wa nsalu ndi timizere. N'chifukwa chake pali nsalu yake ya ntchito imeneyi, imene amati chamois.

Mu shopu ya zipangizo za galimoto mupezamo mitundu iwiri ya dzina lomwelo. Ina ndi chikopa chenicheni cha nyama, ina ndi yopanga kufakitale. Wogulitsa angakuuzeni kuti yodulayo ndiye yabwino, koma musafulumire kupisa m'thumba. Zonse ziwiri zimamwa madzi bwino. Pamene zimasiyana kwenikweni ndi pa chisamaliro chomwe zimafuna kwa mwini wake, ndipo ndi pamenepo pomwe ndalama za anthu ambiri zimalowa m'madzi.

Gawo loyamba: dziwani chimene mwanyamula m'manja

Chamois ndi nyama ya m'mapiri a ku Ulaya, monga a Alps, yofananako ndi mbuzi, ndipo kale chikopa chake ndicho ankachifufuta popanga magolovesi ofewa. Lero nyamayo ingoiiwalani. Pafupifupi chamois yonse yeniyeni yomwe ili pamsika ndi chikopa cha nkhosa. Akachotsa ubweya amachilekanitsa magawo awiri, lakunja ndi lamkati. Lakunja losalala lija limapita ku ntchito zina. Lamkati, la kumnofu, amalithira mafuta a nsomba za m'nyanja yamchere, makamaka ya cod, n'kulipondaponda ndi makina mpaka mafutawo alowerere. Akatero amaliyanika kuti mafuta agwirizane ndi mpweya, kenako n'kuchapa otsalawo. Mtundu wachikasu uja ndi kafungo ka nsomba kaja zimachokera pamenepa. Ku Britain muyezo wa BS 6715 wa mu 1991 umafotokoza chamois yeniyeni motero: gawo lamkati la chikopa cha nkhosa, lofufutidwa ndi mafuta a zamoyo za m'nyanja. Mzinda wa Niort ku France unatchuka kwa zaka mazana ndi ntchito yomweyi.

Ulusi wa chikopachi ndi wolukana mothinana kwambiri moti oyendetsa ndege akale ankaseferapo petulo: chikayamba chanyowa ndi petulo, mafuta amadutsa koma madzi amatsala pamwamba. Kuthinana komweko ndiko kumachititsa kuti chisiye galasi lili mbee, popanda ubweya ngakhale umodzi.

Yopanga kufakitale yomwe ikupikisana ndi chikopa ndi ya PVA, mtundu wa pulasitiki umene dzina lake lonse ndi polyvinyl alcohol. Kunena zoona si nsalu ayi, ndi siponji yopyapyala yokhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso tolumikizanalumikizana. Zabwinoko zimakhala ndi kaukonde ka ulusi pakati kuti zisang'ambike. Mudzaizindikira msanga chifukwa imagulitsidwa yonyowa kale, yokulungidwa m'chubu cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro. Ku Japan kampani ya Kanebo ndiyo inaitchukitsa, ndipo lero imapezeka ndi dzina la Aion Plas Chamois. Ku America yodziwika kwambiri ndi The Absorber. Ngati munaonerapo pa kanema akatswiri odumphira m'madzi pa masewera a Olympics, kansalu kamene amadzipukutira akangovuuka kaja ndi komweka. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukaifinya imalavula pafupifupi madzi onse nthawi yomweyo n'kukhala yokonzeka kumwa ena.

Palinso mtundu wachitatu umene amaulemba dzina lomweli: nsalu zachikasu kapena za olenji, zofewa ngakhale zili zouma, zogulitsidwa zingapo m'paketi imodzi. Izi kawirikawiri zimakhala za viscose, ulusi wopangidwa kufakitale kuchokera ku mitengo. Pa tebulo la kukhitchini ndi pa dashibodi zimathandiza, koma pa bodi ya galimoto zimatha msanga n'kuyamba kusiya ubweya. Zichotseni pa mpikisanowu.

Gawo lachiwiri: yang'anani penti ya galimoto yanu musanapite ku shopu

Penti ya magalimoto ambiri a masiku ano ndi yosanjikiza. Pansi pali yogwiritsa, pakati pali mtundu, ndipo pamwamba pali gawo loonekera mkati lomwe amati clear coat. Kuwala konse kwa galimoto kuli pa gawo limeneli, koma ndi lopyapyala zedi: nthawi zambiri limakhala ma micron 40 mpaka 50 (milimita imodzi ndi ma micron 1,000), pamene pepala la mu printer ndi pafupifupi ma micron 100. Kamchenga kamodzi n'kokwanira kulikala.

Apa ndiye pagona nkhani imene ogulitsa sakonda kuitchula. Chikopa ndi PVA zonse ndi zosalala, zilibe ubweya woti kamchenga kabisalemo. Kakatsalira pa bodi mutatsuka, kamapanikizika pakati pa chamois ndi penti, ndipo inu ndi manja anu omwe mumakakoka kuchokera pa galasi mpaka kumapeto kwa boneti. Pa nkhani iyi chikopa chodula sichiposa PVA yotchipa. Zonse zimakala chimodzimodzi ngati galimoto sinayere.

Tsono chitani izi. Imikani galimoto padzuwa la masana, kapena usiku muunike ndi tochi ya foni, n'kuyang'ana pamene kuwalako kukunyezimira pa boneti ndi pa zitseko. Mukaona timizere tambirimbiri tozungulira kuwalako, dziwani kuti katsukidwe ndi kapukutidwe kanu kakhala kakudya penti. Pa galimoto yoyera kapena ya siliva timizereti sitioneka kwenikweni, ndipo chamois ya mtundu uliwonse ikutumikirani bwino. Pa yakuda, ya buluu woderapo kapena yofiira kwambiri, kalikonse kamaonekera. Ngati yanu ndi yotere ndipo kuwala kwake mumakukonda, ganizirani zogula thaulo lochindikala la microfibre (nsalu ya timaulusi ting'onoting'ono kwambiri) lopukutira bodi, chifukwa ilo lili ndi ubweya umene umanyamula fumbi lotsalira n'kulichotsa pa penti. Chamois ikhale ya magalasi.

Pali magalimoto ena oyera, makamaka aganyu ndi ma pickup akale, amene alibe clear coat. Penti yake ikapsa ndi dzuwa imayamba kuchoka ufa woyera, ndipo mukapukuta nsalu imayera. Pa galimoto yotere musaonongerepo chikopa. Ufawo umalowa mu ulusi wake ndipo kuuchotsa ndi ntchito.

Gawo lachitatu: dzifunseni mafunso anayi, ndipo muyankhe moona

Amatsuka galimoto yanu ndani? Ngati ndi inu nokha, chikopa mungachisamale. Ngati ndi mnyamata wapakhomo, mlonda, kapena aliyense amene ali ndi mpata tsiku limenelo, dziwani kuti tsiku lina chidzachapidwa ndi sopo wa ufa n'kuyanikidwa pa mpanda dzuwa lili pamutu. Kamodzi kokha n'kokwanira kuchifooketsa. PVA imapirira manja ambiri.

Mumatsuka kangati? Chikopa chimafuna nthawi yoti chiume bwinobwino pamthunzi chisanasungidwe. Wa taxi kapena minibasi amene amapukuta m'mawa uliwonse, kapena mwini malo otsukirapo magalimoto amene chamois yake sipuma kuyambira m'mawa mpaka madzulo, alibe nthawi imeneyo. Kwa otere PVA ndiyo yoyenera. Koma PVA nayo ili ndi mbali yake yofooka: mukaitsekera m'chubu yonyowa kwa miyezi osaigwiritsa ntchito, imachita chuku ndi kununkha, makamaka ngati munaisunga yakuda. Munthu wotsuka mwa apo ndi apo ayenera kuiumitsa asanaisunge.

Mudzaisunga kuti? Ngati malo ake ndi m'buti, chikopa musagule. M'buti mumatentha, mulibe mpweya, ndipo chikopa chonyowa chimaola. M'nyengo ya mvula, kapena m'masiku a chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, chikhoza kutha masiku chili chinyontho. Ndipo chifukwa cha kafungo ka nsomba kaja, galu wapakhomo amachiona ndiwo. Makoswe nawo sachisiya.

Madzi anu ndi otani? A pa mjigo m'madera ambiri amakhala ndi mchere wa calcium ndi magnesium wochuluka, ndipo kwina, monga m'madera ena a ku Chikwawa ndi Nsanje, mcherewo umachita kumveka pakamwa. Madzi otere akaumira pa penti amasiya mawanga ouma amene pakapita nthawi amakana kuchoka ndi sopo. Pamenepa chofunika ndi liwiro, kuti mumalize kupukuta madzi asanaume okha, ndipo pa liwiro PVA yaikulu ili patsogolo chifukwa imafinyika mosavuta.

Mukaika mayankho anayiwa pamodzi, ine ndimaona kuti kwa anthu ambiri a Sienta, Vitz, Passo kapena Probox yawo yoyendera tsiku ndi tsiku m'misewu yafumbi, PVA yaikulu ndiye yoyenera. Ndi yotchipa, siinyanyala msanga, ndipo ikaonongeka mtima supweteka. Chikopa ndi cha munthu amene amatsuka yekha kunyumba, ali ndi khonde kapena galaja yochiyanikamo, ndipo amasangalala kuona magalasi ndi zitsulo zonyezimira zilibe kamzere. Munthu wotere chikopa chingamukhalire zaka, ndipo chimanka chifewerafewera akamachigwiritsa ntchito. Pa galasi, kunena chilungamo, sindinaone PVA yomaliza ntchito mwaudongo kuposa chikopa chosamalidwa bwino.

Gawo lachinayi: mu shopu, musakhulupirire cholembedwa pa paketi chokha

Mukasankha chikopa, pemphani kuti achitulutse muchione. Chenicheni sichikhala chofanana mbali zonse, chifukwa nkhosa siibadwa ya makona anayi: m'mphepete mumakhala mokhotakhota, ndipo mukachiyendetsa pakati pa zala mumva kuti kwina n'kochindikala, kwina n'kopyapyala. Chinunkhizeni. Chikhale ndi kafungo ka mafuta a nsomba, osati ka pulasitiki. Chikwezeni moyang'anitsa kuwala kuti muone malo opyapyala kwambiri, chifukwa pamenepo ndi pomwe chidzayambire kubooka. Chikakhala chodulidwa mwa makona anayi enieni, chofanana paliponse, chokhala ndi timabowo tokhomedwa m'mizere, ndiye kuti ndi chopanga ngakhale mtundu wake ukhale wachikasu bwanji.

Kukula kwa chikopa amakulemba mu square feet, ndipo square foot imodzi ndi pafupifupi masentimita 30 mbali iyi ndi 30 mbali inayo. Pa galimoto yaing'ono kapena yapakatikati, cha 3 kapena 4 chimakwana. Chochepera apo mudzatopa ndi kufinya. Palinso zotchipa zopangidwa ndi tizidutswa tosokedwa pamodzi. Ndi chikopa ndithu, koma misoko yake imasunga mchenga ndipo ndi yolimba kuposa chikopacho, choncho pa penti zisafikepo.

PVA imabwera kawirikawiri m'misinkhu iwiri: yaing'ono ya masentimita pafupifupi 43 ndi 32, ndi yaikulu ya pafupifupi 66 ndi 43. Tengani yaikulu. Tsegulani chubu muigwire: ikhale yonyowa, yofewa paliponse, yopanda madontho akuda. Ipanikizeni ndi chala. Yabwino imakhala yochindikala ndipo imabwerera m'malo mwake, pamene yachabechabe ndi yopyapyala moti mukaikoka pang'ono imatambasuka osabwerera. Yang'anani m'mphepete ngati kaukonde kamkati kakuoneka. Ena amapanga yosalala mbali zonse, ena yokhala ndi timabamputimabampu. Yachiwiriyi siikakamira kwambiri pa penti, choncho siitopetsa mkono.

Thumba likalola, gulani ziwiri za mitundu yosiyana, mwachitsanzo yachikasu ya pamwamba ndi ya buluu ya m'munsi. Chifukwa chake muchiona m'gawo lachisanu ndi chimodzi.

Gawo lachisanu: musaiike pa galimoto isanachapidwe

Chikopa chatsopano chimakhala ndi mafuta otsala a kufakitale. Mukachigwiritsa ntchito chomwecho, chimapaka mafutawo pa galasi, ndipo usiku magetsi a galimoto zobwera kutsogolo amamwazika m'maso. Chiviikeni m'madzi ofunda pang'ono, osati otentha, okhala ndi sopo wofewa wosambira, monga wa ana. Chifinyefinyeni ndi manja. Madziwo asanduka achikasu. Atayeni, tungani ena, bwerezani mpaka azituluka oyera.

PVA yatsopano nayo imakhala ndi mankhwala oiteteza ku chuku pa nthawi yomwe ili m'chubu. Itsukuluzeni m'madzi ofunda kangapo mpaka isiye kuterera ndi kuchita thovu. Basi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kupukuta kwenikweniko

Yambani ndi nthawi ndi malo. Tsukani pamthunzi, m'mawa kapena madzulo. Ikani chikhatho pa boneti. Ngati pakutentha, dikirani. M'mwezi wa October, galimoto yokhala padzuwa imaumitsa madzi a mbali imodzi inu muli mbali inayo, ndipo palibe chamois imene ingachotse mawanga ouma kale.

Musanakhudze bodi ndi chilichonse, ithireni madzi ambiri kuti fumbi ndi matope zitsike zokha. Kenako tsukani kuchokera padenga kutsika m'munsi, muli ndi ndowa ziwiri: ina ya sopo, ina ya madzi otsukuluzira siponji musanaibwezere mu sopo. Gwiritsani ntchito sopo wa galimoto. Wa ufa wochapira zovala amachotsa polishi, ndipo timibulu take tosasungunuka timakala penti. Chamois si yotsukira. Amene amaiviika mu sopo n'kumakhulira nayo matope akuononga zinthu ziwiri nthawi imodzi.

Potsukuluza komaliza pali kanzeru kochepetsa ntchito. Musawaze madzi. Ngati muli ndi paipi, chotsani chakumapeto chija kuti madzi azingoyenderera. Ngati muli ndi ndowa, thirani pang'onopang'ono kuyambira padenga. Madzi oyenda chonchi amakokana okhaokha n'kutsika pamodzi, ndipo pa galimoto yopakidwa polishi pamangotsala timadontho towerengeka.

Tsopano tungani madzi oyera mu ndowa yotsukidwa bwino, akhale a chamois yokha. Iviikeni mpaka ifewe yonse. Chamois youma, kaya yachikopa kaya ya PVA, siimwa madzi ndipo imakala. PVA youma musaitambasule n'komwe: imakhala itauma gwa ngati makaka, ndipo mukaikakamiza imathyoka m'mopindika. Isiyeni m'madzi mphindi zochepa, ifewa yokha. Ikafewa ifinyeni. Chikopa muzichifinya mochipanikiza m'manja, osachipotokola mwamphamvu, chifukwa ulusi wake umaduka.

Yambani ndi magalasi, chamois ikadali yoyera kwambiri. Mukafika padenga ndi pa boneti, musaikwinye m'dzanja n'kumazunguliza. Igwireni pa makona awiri, iponyeni kuti igone yotambasuka, kenako ikokereni kwa inu pang'onopang'ono osaipanikiza. Mumva ikukakamira pang'ono, ndipo kumbuyo kwake kutsala kachinyontho kopyapyala kamene kamazimirira mukuona. Kakayamba kutsala madontho, yakhuta: ifinyeni. Pa zitseko ipindeni pawiri kapena panayi, muziyenda mizere yowongoka kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Pa galimoto yakuda ndi bwino osaikoka n'komwe: iyaleni, isisiteni pamwamba ndi chikhatho kuti imwe, inyamuleni, iyaleni pena. Zimachedwa, koma penti siikhulika.

Mukamaliza chigawo chilichonse, itembenuzeni muione. Ikakhala ndi mzere wofiirira wa dothi, imani. Itsukuluzeni mu ndowa ija, ndipo malo amene achokera dothiwo muwatsukenso. Ikagwa pansi, ngakhale pa simenti yooneka yoyera, musangoikung'untha. Ichapeni bwinobwino musanapitirize. Zitosi za mbalame zouma, utomoni wa mitengo ndi phula la mumsewu sizichoka ndi chamois, ndipo mukalimbana nazo mungosiya chilemba pa penti. Zimenezo zifewetseni padera pa nthawi yotsuka.

M'munsi mwa zitseko, mabampa, mkati mwa mafelemu a zitseko ndi marimu ndi ntchito ya chamois yachiwiri ija, kapena nsalu ina iliyonse yofewa. Kumeneko ngakhale mutsuke chotani kumatsala mchenga, girisi ndi fumbi lakuda la mabuleki. Nsalu imene yakhudza rimu isabwererenso pa boneti.

Pomaliza sakani madzi obisala, amene amadikira kuti munyamuke kenako n'kuyenderera pa chitseko chomwe mwapukuta kale. Amakhala kuseri kwa magalasi a m'mbali, m'zogwirira za zitseko, kuseri kwa nambala, pa kachitseko ka thanki ya mafuta ndi m'mphepete mwa buti. A Sienta, Freed ndi minibasi asaiwale njanji ya chitseko chotsetsereka. Tsegulani ndi kutseka zitseko zonse kamodzi kuti madziwo atuluke, n'kuwapukuta.

Ngati mumatsukitsa kwa anyamata a pa car wash, palibe choipa kunyamula chamois yanu. Kumeneko nsalu imodzi imatha kuyenda pa magalimoto ambiri, pamwamba ndi pansi pomwe. Mungonena mwaulemu kuti, "Achimwene, pomaliza mupukutire iyi. Ya matayala ija isakhudze bodi." Ambiri amamva, makamaka mukakhala kasitomala wosavuta pa malipiro. Akamaliza muilandire nokha n'kukaichapa kunyumba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: ntchito ikatha

Apa ndi pamene mitundu iwiriyi imasiyanirana njira.

Chikopa chichapeni nthawi iliyonse mukamaliza, m'madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofewa uja. Sopo wa ufa, wa mbale ndi jiki zimachotsa mafuta amene anachifufutira, ndipo mafutawo akatha chimauma, chimakhakhala, kenako chimang'ambika. Madzi otentha amachikwinyitsa moti sichibwereranso. Mukachifinya chikokeni modekha mbali zonse kuti chibwerere mu msinkhu wake, n'kuchiyanika pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi moto ndiponso pamene galu safika. Musachikoloweke pa waya wadzimbiri kapena pa msomali, dzimbirilo limalowerera. Chikatsala pang'ono kuuma, chitikiteni pakati pa manja kapena chikhuleni m'mphepete mwa tebulo loyera, chimafewanso pompo. Chikauma mokhakhala pang'ono musadandaule, chidzafewa mukachiviika. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuchitsekera m'jumbo kapena mu ndowa chili chonyowa.

PVA ichapeni ndi sopo pang'ono, itsukuluzeni mpaka madzi ayere, ifinyeni, ikulungeni n'kuibwezera m'chubu ili yachinyontho. Jiki ndi madzi otentha nayonso siigwirizana nazo. Chubucho muzichitsuka mkati nthawi ndi nthawi, chifukwa mchenga umakonda kukhala pansi pake n'kubwerera pa nsalu yoyera. Ngati mukudziwa kuti papita milungu yambiri musanatsukenso, iyanikeni yotambasuka pamthunzi iume, muisunge pamalo pomwe siipindika kapena kupsinjidwa ndi katundu. Ikayamba kafungo, ichapeni kawiri ndi sopo m'madzi ofunda n'kuiumitsa kaye musanaibwezere m'chubu.

Iliyonse ili ndi mapeto ake. Chikopa chikayamba kubooka, kuterera chikanyowa, kapena kukhala ndi malo okhakhala amene safewa ngakhale chiviikidwe, chatha ntchito ya pa penti. PVA ikang'aluka m'mopindika, ikamanyenyeka m'mphepete, kapena ikakhala ndi madontho akuda osachoka, nayonso yafika. Musaitaye: itsitseni udindo ikhale ya marimu ndi mafelemu a zitseko, koma muidule kona imodzi ndi sizasi kuti aliyense pakhomopo aziizindikira asanaiike pa boneti.